Chitofu cha ma pellet cha 8 kW: kuchiika, kuchiyatsa koyamba, ndi pamene chimavutira

Chitofu chimene tikuunika pano ndi chija anthu ogula koyamba amakonda kutenga pofuna kutenthetsa m'nyumba nthawi yozizira. Mphamvu yake ndi ya pakati pa 6 ndi 8 kW, kumbuyo kwake kuli bokosi lolowa ma pellet (timibulu ta utuchi wouma wopanikizidwa) olemera makilogalamu 15 mpaka 20, ma pellet amagwera pamoto kuchokera pamwamba, ndipo fani imauzira mpweya wotentha m'chipinda. Makampani opanga zitofu zotere alipo ambiri, makamaka ku Italy kumene kuli MCZ, Edilkamin, Palazzetti ndi Extraflame, koma mukamasula malata a m'mbali mupeza kuti m'kati mwake mumafanana kwambiri. Zimene talemba zikukhudza mtundu wonsewu, osati dzina limodzi.

Kwa ife, chitofuchi n'chabwino. Kutentha kwake sikukwera n'kutsika ngati kwa chitofu cha nkhuni, chimadziyatsa chokha pa nthawi imene mwachiuza, ndipo phulusa lake ndi lochepa. Koma sichinyengerera pa zinthu ziwiri: njira yodutsa mpweya ndi ubwino wa ma pellet. Mavuto ambiri a chaka choyamba amachokera pamenepa, ngakhale sikirini itaonetsa nambala ya alamu yoopsa ngati kuti bodi yamagetsi yoyendetsa chitofu yapsa.

Kuti alamu iliyonse izimveka, tsatirani ulendo wa ma pellet. Pansi pa bokosi pali chitsulo chopotana ngati sikuluwu yaikulu, dzina lake auger. Kamota kake kamazungulira mwaulesi, maulendo ochepa chabe pa mphindi, ndipo sikayenda mosalekeza: kayenda masekondi angapo, kaima, kayendanso. Mukamasankha mphamvu 1 mpaka 5 pa sikirini, chimene mukusintha ndi masekondi amenewa pamodzi ndi liwiro la mafani. Auger imakweza ma pellet mpaka pa kangalande, pamenepo amatsetsereka n'kugwera m'kapoto kachitsulo kobowolabowola. Kuseri kwa kapotoko kuli igniter, kachitsulo kofiira ndi magetsi. Sikakhudza ma pellet ayi, mpweya wodutsa pa iko ndi umene umatentha mpaka kuwayatsa.

Fani ya utsi ili kumapeto kwa chitofu, ndipo ntchito yake ndi kukoka. Imakoka mpweya kuchokera kunja, kuudutsitsa m'mabowo a kapoto, n'kukankhira utsi m'paipi. Ndiye pakapezeka kampata pena paliponse, kaya pachitseko kaya pa kabati ka phulusa, mpweya umalowera pomwepo chifukwa mpofupi, ndipo m'kapoto mumadutsa wochepa. Moto umafooka chonsecho palibe chimene chawonongeka. Fani yachiwiri, youzira m'chipinda, siikhudzana ndi utsi, ndipo imadikira kuti chitofu chitenthe kaye isanayambe. Ogula ambiri amaganiza kuti yafa pa mphindi zoyambazo.

Kukula kwake

Kilogalamu imodzi ya ma pellet abwino imakhala ndi mphamvu ya pakati pa 4.6 ndi 5 kWh, ndipo zitofu zamakono zimapereka m'nyumba pafupifupi 90 peresenti ya mphamvuyo. Cha 8 kW chikamayaka mwamphamvu zake zonse chimadya makilogalamu osakwana pang'ono 2 pa ola, kutanthauza kuti thumba la makilogalamu 15 limatha m'maola pafupifupi 8. Pa mphamvu yotsikitsitsa, cha m'ma 2.5 kW, thumba lomwelo limakwana tsiku lathunthu.

Poyerekeza mwachisawawa, 1 kW imakwanira masikweya mita 10 m'nyumba yosunga kutentha mwapakatikati. Musatenge chachikulu poganiza kuti kuchuluka sikulakwa. Chachikulu chimafikitsa msanga kutentha kumene mwasankha, n'kuzima, n'kuyakanso, tsiku lonse. Kuyaka kulikonse kumadya moyo wa igniter, ndipo moto wapansipansi ndi umene umadetsa galasi ndi paipi. Komanso mpweya wotenthawu sukhota makona bwino. Chipinda chimene muli chitofu chimafunda, zipinda zotseka zitseko zimakhalabe zozizira.

Paipi ya utsi

Apa m'pamene chitofu chimakomera kapena kuipira, ndipo m'pamene anthu amafuna kudula ndalama. Ntchitoyi ndi ya mmisiri wovomerezeka, ndipo makampani ambiri amakana waranti ngati munaika nokha. Komabe muzidziwa chimene akuchita kuti mumufunse.

Potulukira utsi kumbuyo kwa chitofu ndi pa mamilimita 80. Paipi ikakhala yaitali kapena yokhotakhota, buku la malangizo limalamula kukwera pa mamilimita 100. Chinthu choyamba kumangirira kumbuyoko ndi kapaipi kooneka ngati T kokhala ndi chotsekera pansi. Mmenemo ndi mogwera phulusa ndi madzi, ndipo pakapanda T ameneyu phulusa limaunjikana pakona mpaka kutseka njira. Gawo logona likhale lalifupi, mabuku ambiri amati lisapitirire mamita 2 kapena 3, ndipo lizikwera pang'ono, pafupifupi masentimita 3 pa mita iliyonse. Makona a madigiri 90 asachuluke. Mabuku ambiri amalola mpaka atatu, ndipo pamene zingatheke makona awiri a madigiri 45 amaposa limodzi la 90.

Kumbukirani kuti fani ikukankhira utsi m'paipi. M'kati mwa chitofu mpata umayamwa mpweya, koma m'paipi mpata umalavula utsi m'nyumba. N'chifukwa chake mapaipi a ma pellet amakhala ndi mphira wa silikoni wopirira moto pa mfundo iliyonse. Mapaipi a chitofu cha nkhuni ongolowetsana alibe zimenezi, osawagwiritsa ntchito.

Utsi wa chitofuchi si wotentha kwambiri, chifukwa kutentha kochuluka kwatsala m'nyumba. Ukafika m'paipi yozizira ya panja umasanduka madzi akuda onunkha, amene amayenderera n'kudya chitsulo. Gawo lonse la panja likhale la mapaipi a zikhoma ziwiri okhala ndi chotetezera kutentha pakati.

Nanga kungobowola khoma, kapaipi n'kutulukira pomwepo? Malamulo amasiyana dziko ndi dziko. Ku Italy utsi uyenera kutulukira pamwamba pa denga, pomwe ku United States amalola kutulutsira pakhoma bola patalikirane ndi mawindo ndi zitseko monga mwa malamulo. Ngakhale kumene amalola, ife sitikulimbikitsa paipi yogona yokhayokha. Magetsi akathima moto uli mkati, fani imaima koma ma pellet amafukabe. Paipi yokwera mita imodzi ndi theka kapena kuposa imakoka utsiwo yokha, yogona imausiya kuti ufune njira yolowera m'chipinda. Mphepo ikamawomba molunjika pakhomalo, imabwezanso utsi n'kuzimitsa chitofu ndi alamu.

Chumuni chake chikhale chakechake, osagawana ndi chida china choyaka moto.

Zotsalazo n'zachidule. Polowera mpweya, kapaipi ka mamilimita 40 kapena 50, kalumikizidwe ndi kunja ngati nyumba ndi yotsekeka bwino kapena ngati muli fani yokoka mpweya kukhitchini, chifukwa faniyo imalimbirana mpweya ndi chitofu. Pansi pakhale poyala posayaka, pafike kutsogolo kwa chitseko. Mipata yochokera kukhoma ndi kumipando yalembedwa pa kachitsulo kakumbuyo kwa chitofu, itsatireni ndipo musiye malo oti dzanja lifike pa T uja. Soketi ikhale ndi waya wa earth ndi chotetezera magetsi akabwera mwamphamvu. Poyaka chitofu chimakoka ma watt 300 mpaka 400 chifukwa cha igniter, kenako chimatsika pa 100 kapena kucheperapo. Ngati mukufuna batire yothandiza magetsi akathima, itulutse magetsi a pure sine wave, ofanana ndi a pasoketi ya m'nyumba, chifukwa enawo amaliritsa ndi kutenthetsa mamota. Alamu ya mpweya wa carbon monoxide ikhale m'chipindamo chitofu chisanayake ngakhale kamodzi. Mpweya umenewu sununkha, suoneka, ndipo umapha.

Ma pellet

Ndi utuchi wouma wopanikizidwa mwamphamvu, mamilimita 6 kunenepa kwake, osapitirira mamilimita 40 kutalika. Ku Ulaya yang'anani chizindikiro cha ENplus A1 pathumba: chinyontho sichipitirira 10 peresenti, phulusa silipitirira 0.7 peresenti. Ndiye kuti thumba la makilogalamu 15 limasiya phulusa losaposa magalamu 105. A gulu la A2 amaloledwa kufika 1.2 peresenti, magalamu 180 pathumba, ndipo kwa kapoto kakang'ono kusiyana kumeneku n'kwakukulu. Ku North America kuli chizindikiro cha PFI.

Nyamulani thumba muone pansi pake. Fumbi likakhala lambiri, lisiyeni. Ma pellet abwino ndi osalala, onyezimira pang'ono, ndipo amathyoka ndi kaphokoso. Ofufuma ndi ong'ambikang'ambika anamwa chinyontho. Gulani matumba awiri kapena atatu muyese kaye musanadzaze nyumba ndi mtundu umodzi, ndipo muwasunge pa mathabwa, osati pa simenti.

Kuyatsa koyamba

Chotsani zonse zimene anaika m'kati potumiza, kuphatikizapo za m'kabati ka phulusa. Onani kuti kapoto kakhala bwinobwino pamalo pake, ndipo bowo lake lakumbuyo layang'anizana ndi kapaipi ka igniter. Kakapendekeka ndi mamilimita ochepa okha, chitofu sichiyaka.

Auger yatsopano imakhala yopanda kanthu, ndipo kuti idzaze pamatenga nthawi yoposa imene bodi imadikira. Mukangodina batani loyatsira, mphindi 15 zitha kapoto kali mbee, alamu n'kulira. Pa menyu pali pouza auger kuti iyende yokha chitofu chili chozima. Iyendetseni mpaka mumve ma pellet akugwa motsatizana, imitsani, khuthulani kapoto, kenako yatsani. Muzichita chimodzimodzi nthawi iliyonse bokosi likatheratu.

Chikayamba, fani ya utsi imalira kaye, ma pellet amagwa, pakapita mphindi zingapo m'kati mumadzaza utsi woyera, kenako lawi limabuka. Utsi umenewu si vuto, chitseko osatsegula. Pa maola oyambirira penti imapsa n'kununkha, mwina mpaka kautsi kuoneka pamwamba pa chitofu. Tsegulani mawindo, yambani ndi mphamvu yapakati, kenako mukweze mpaka pamwamba kwa ola limodzi kapena awiri kuti fungolo litheretu.

Pozimitsa, dinani batani basi. Auger imaima, mafani amapitiriza kwa mphindi 10 mpaka 20 kuti ma pellet otsala apse ndipo chitofu chizizire. Kuzula pulagi pa nthawi imeneyi ndi zosayamba.

Lawi limanena zonse

Lawi labwino ndi lachikasu chowala, lothamanga, losongoka, ndipo ma pellet m'kapoto amangokwirira pansi, akugwedezeka pang'ono. Likakhala lalitali, laulesi, lofiirira, nsonga zake zakuda, galasi n'kuda pa maola ochepa, ma pellet n'kumaunjikana, ndiye kuti mpweya wachepa kapena ma pellet achuluka. Likakhala lalifupi, lolira ngati la wowotcherera zitsulo, makala n'kumadumpha m'kapoto, mpweya wachuluka, ndipo pa mphamvu 1 moto umatha kuzima wokha.

Zitofu zambiri zili ndi posinthira kuchuluka kwa ma pellet ndi liwiro la fani ya utsi pang'onopang'ono. Musanakhudze pamenepo, yeretsani chitofu chonse, chifukwa lawi laulesi kawirikawiri ndi la phulusa lotseka njira. Mukasintha, sinthani chinthu chimodzi, sitepe imodzi, mudikire theka la ola, ndipo mulembe nambala imene inalipo poyamba. Menyu ya amisiri yotsekedwa ndi nambala yachinsinsi isiyeni. Nambalazo zimapezeka pa intaneti, n'zoona, koma mmenemo mulinso malire a chitetezo.

Chikakana kuyaka

Yang'anani m'kapoto. Ngati mulibe ma pellet, vuto lili kumbali ya auger. Ngati ali tho koma osapsa, vuto ndi igniter kapena mpweya wofika pa iyo: bowo lakumbuyo latsekeka ndi phulusa, kapoto sikanakhale bwino, chitseko chikulowetsa mpweya, kapena ma pellet ndi onyowa. Igniter imatha ndithu, ndipo imayamba ndi kuchedwetsa kuyaka isanafe. Kuiyesa n'kosavuta kwa wodziwa magetsi: zulani pulagi, masulani mawaya ake awiri, muyeze ndi multimeter, kachida koyezera magetsi. Ya ma watt 300 pa magetsi a 230 V imaonetsa ma ohm pafupifupi 176, ya pa 120 V pafupifupi 48. Ikapanda kuonetsa kanthu, yaduka m'kati.

Chimene chili choopsa apa n'chakuti munthu amangodinanso batani kapoto kali kodzaza. Ma pellet ena amagwera pamwamba pa akalewo, mulu wonsewo umafuka osayaka, utsi wokhuthala umadzaza m'kati, ndipo ukagwira moto umabuka kamodzi n'kuphulika mwamphamvu moti galasi likhoza kusweka. Chikalephera kuyaka, dikirani chizizire, khuthulani kapoto, ndipo ma pellet amenewo musawabwezere m'bokosi chifukwa ena amakhala ndi moto wobisika. Palafini, petulo kapena mowa wa spiriti osayerekeza.

Chikazima chokha pakati pa ntchito

Nambala za alamu zimasiyana kampani ndi kampani, choncho buku likhale pafupi. Zifukwa zake ndi zomwezomwezi.

Yofala kwambiri ndi ya pressure switch, kachida kozungulira kolumikizidwa ku njira ya utsi ndi kapaipi ka mphira. Kakaona kuti mpweya sukukokedwa mokwanira, kamadula magetsi a auger. Yambani ndi zapafupi: chitseko ndi kabati ka phulusa zatsekeka? Panikizani pepala pachitseko, mutseke, mukoke. Likatuluka mosavuta, chingwe cha m'mphepete mwa chitseko chaphwa, chisinthidwe. Yesani m'mbali zonse zinayi. Kenako tsegulani T uja, ndi malo obisika kuseri kwa chitsulo cha m'kati kumene phulusa louluka limagona. Pomaliza zulani kapaipi ka mphira, muone ngati kang'ambika kapena kadzaza phulusa pamene kamalowera. Kachidako pakokha sikafa kawirikawiri. Ena amalangiza kulumikiza mawaya ake awiri kuti kasavutenso, koma kutero n'kulola chitofu kuthira ma pellet pamoto chumuni chili chotsekeka.

Ina ndi ya kutentha kopitirira. Kumbuyo kwa zitofu zambiri kuli kabatani kobisika m'kachivundikiro kakuda kopotokola. Kamadumpha bokosi la ma pellet likatentha kwambiri, ndipo kamabwezedwa ndi dzanja chitofu chitazizira. Chifukwa chake kawirikawiri ndi fani ya m'chipinda yodzaza fumbi ndi ubweya wa ziweto, kapena yofooka, kapena zovala zoyanikidwa pa mabowo otulukira mpweya. Kakadumpha kawiri, itanani mmisiri.

Ngati moto wangotha ngati ma pellet atha chonsecho bokosi lili ndi kanthu, tcherani khutu. Mota ikamang'ung'uza osazungulira, auger yagwidwa: fumbi lapanikizana pansi, kapena mwalowa kamsomali kapena chidutswa cha thumba. Mota ikamazungulira koma ma pellet osagwa, kabawuti kogwirizanitsa mota ndi auger kamasuka, kapena ma pellet aatali apingasana pamwamba n'kusiya mphako pansi. Zulani pulagi, chotsani ma pellet onse, kokani fumbi. Zala zisalowe pa auger magetsi ali olumikizidwa, mota imeneyi ndi yochedwa koma ndi yamphamvu kwabasi.

Pali chinanso chimene chimadabwitsa ogula koyamba: chigulumwa cholimba ngati mwala pansi pa kapoto. Ndi phulusa losungunuka n'kuumanso, ndipo limachuluka ma pellet akakhala ndi makungwa kapena mchenga. Chimatseka mabowo, mpweya umachepa, ma pellet amasefukira. Kusintha manambala sikuchithetsa. Sinthani mtundu wa ma pellet.

Kuyeretsa

Apa ndi pamene otsatsa malonda amadutsa mothamanga. Kapoto kamafuna kupalidwa tsiku lililonse kapena pakadutsa masiku awiri, chitofu chili chozizira, mabowo onse aoneke kuwala. Ndi ntchito ya mphindi zitatu, koma siidumphika. Galasi limayera ndi kansalu konyowa kokhudzitsa paphulusa. Kabati ka phulusa kakhuthulidwe kamodzi kapena kawiri pa sabata m'ndowa yachitsulo yovundikira, chifukwa khala limatha kugona m'phulusa masiku angapo. Makina okoka fumbi a m'nyumba sayenera: phulusa losalala limadutsa pa sefa yake n'kubwerera m'chipinda, ndipo khala limodzi limayatsa thumba lake. Alipo okokera phulusa a ndowa yachitsulo, mugulire pamodzi ndi chitofu. T ndi malo obisika aja ayeretsedwe mwezi ndi mwezi ngati chikuyaka tsiku lililonse. Kamodzi pachaka mmisiri apukute paipi yonse, amasule fani ya utsi n'kuchotsa mwaye pa mapiko ake, ndi kusintha magasiketi, zotsekera mipata kuti utsi kapena mpweya usadutse.

Zimene sitikondwera nazo zilipo. Phokoso ndi loyamba: mafani awiri, kung'ung'uza kwa mota masekondi angapo aliwonse, ndi ma pellet ogwa kuti go go go m'kapoto. Masana sizimveka kwenikweni, usiku pabalaza lachete zimamveka, ndipo kuchipinda chogona sitingachiike. Pitani mukachimve chikuyaka pa mphamvu 4 musanagule. Chachiwiri, popanda magetsi n'chitsulo chabe, choncho kumene magetsi amathimathima nthawi yozizira pamafunika batire kapena njira ina yotenthetsera. Chachitatu, mabuku a malangizo ambiri ndi omasuliridwa mwachisawawa, amangoti itanani mmisiri pa alamu imene ikanatha ndi burashi.

Funsani wogulitsa ngati amasunga igniter, mota ya auger, fani ya utsi ndi magasiketi a mtundu umenewo, komanso ngati ali ndi mmisiri wodzayatsa koyamba ndi kusintha manambala molingana ndi paipi yanu. Chitofu chotchipa chokhala ndi zimenezi tingachisankhe kusiyana ndi chodula chimene igniter yake iyenera kuitanitsidwa kutali pakati pa nyengo yozizira.

Nyengo yozizira ikatha, chiyatseni mpaka ma pellet atheretu m'bokosi ndi mu auger, mukoke fumbi lotsala, muyeretse chonse, n'kuzula pulagi. Ma pellet osiyidwa miyezi ingapo amamwa chinyontho, amafufuma n'kuuma ngati simenti mozungulira auger, ndipo kuwachotsa kumafuna kumasula mota ndi kusolola chitsulo chonsecho.